Kodi The Mighty Mighty Bosstones linali gulu la nyimbo imodzi yokha?

Funso: Ndine wokonda reggae kuyambira ndili mwana. Posachedwapa ndinakumana pa YouTube ndi nyimbo yotchedwa "The Impression That I Get" ya gulu la The Mighty Mighty Bosstones. Malipenga ake akundikumbutsa nyimbo zakale za ku Jamaica, koma gitala yake ndi yaukali ngati ya rock. Mnzanga akuti gululi linatchuka ndi nyimbo yokhayi basi, kenako linazimirira. Kodi n'zoona? Anthu amenewa anachokera kuti, ndipo anathera pati?

Yankho: Mnzanuyo ali ndi kachoonadi pang'ono, koma mbali yaikulu ya nkhaniyi waiphonya. N'zoona kuti "The Impression That I Get" ndi nyimbo yokhayo ya gululi imene inalowa m'makutu mwa munthu wamba ku America, ngakhale uja sankadziwa n'komwe kuti ska n'chiyani. Koma pamene inkawanda pa wailesi mu 1997, anyamatawa anali atatha kale zaka 14 akuimba, ndipo chimbale chomwe munali nyimboyi chinali chawo chachisanu. Pambuyo pake anatulutsa zimbale zina 6, ndipo gululi linadzatha mu January 2022. Ine ndimaona kuti kutchuka kwa 1997 kunangowapeza panjira imene ankayenda kale. Chimene chinawamanga ndi nsanja, kuimba pamaso pa anthu usiku ndi usiku, komanso anthu akwawo mumzinda wa Boston, m'chigawo cha Massachusetts ku America, amene sanawataye. Ndipo chimene chinadzawagwetsa sichinali kusowa kwa msika ayi.

Poti ndinu munthu wa reggae, makutu anu sanakunamizeni pa malipenga aja. Ska ndi kholo la reggae. Inabadwira ku Kingston kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pamene oimba a ku Jamaica ankasakaniza mento yakwawo ndi rhythm and blues ya ku America imene ankaimva pa wailesi ndi pa zimasipika za m'madansi a panja. Anthu ngati Coxsone Dodd wa Studio One, Prince Buster ndi gulu la The Skatalites ndi amene anaiumba, ndipo pamene Jamaica inkalandira ufulu wodzilamulira mu 1962, ska ndiyo inali nyimbo ya achinyamata a mumzinda. Bob Marley amene mumamudziwa ndi nyimbo zodekha anayambira komweku: "Simmer Down" ya The Wailers, imene inagwedeza Jamaica kumayambiriro kwa 1964, ndi ska yeniyeni, yothamanga, yodzaza malipenga. Cha mu 1966 liwiro linatsika n'kukhala rocksteady, ndipo pofika 1968 reggae inali itabadwa.

Mukafuna kuizindikira ska, mvetserani gitala. Ng'oma ndi besi zikagunda, gitala siimenya nazo limodzi. Imalowa pampata wa pakati, woimba akukwapula zingwe chokweza dzanja, n'kuzigwira msanga kuti mawu asapitirire, kamawu kachidule kodukizadukiza. Zili ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi, musi wina ukamakwera wina ukutsika. Mu reggae kagundidwe kameneka kamabwera mwachifatse, kukupatsani nthawi yogwedeza mutu. Mu ska kamathamanga, moti miyendo imayamba yokha. Mu nyimbo imene mwaikondayo, mvetserani ndime zoyamba: gitala ikuchita zimenezi mwaukhondo, kenako pofika pakolasi woimbayo amaponda kachipangizo kosintha mawu, gitala n'kubangula, zingwe zonse zikumenyedwa chotsitsa dzanja ngati mmene amachitira oimba punk, yomwe ndi rock yaukali ndi yothamanga. Kusinthasintha kumeneku, mkati mwa nyimbo imodzi, ndiwo mtima wa chamba cha ska punk, ndipo a Bosstones ali m'gulu la oyamba kuchichita mwadala ndi mosalekeza.

Koma ska sinachoke ku Kingston n'kulunjika ku Boston. Inadzera ku Britain, komwe anthu ambiri a ku Jamaica anasamukira nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Mu 1979, mumzinda wa Coventry, Jerry Dammers anayambitsa kampani ya nyimbo ya 2 Tone, ndipo magulu ngati The Specials, The Selecter, Madness ndi The Beat anatenga ska yakale ija n'kuithira mkwiyo wa punk. Ambiri mwa maguluwa munali anthu akuda ndi azungu akuimba limodzi, panthawi imene chipani cha tsankho cha National Front chinkaguba m'misewu ya ku England. Zimbale za 2 Tone ndi zimene zinawoloka nyanja n'kukafika m'manja mwa anyamata a ku Massachusetts.

Anyamatawo anali kale ndi nyimbo yawoyawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Boston inali limodzi mwa malikulu a hardcore, punk yothamanga kwambiri, ya nyimbo za mphindi imodzi kapena ziwiri, woimba akukuwa mpaka mitsempha ya pakhosi kuonekera. Magulu ngati SSD, DYS ndi Gang Green ndiwo ankalamulira. Dicky Barrett, amene anadzakhala woimba wotsogolera wa Bosstones, anayamba kuimba m'gulu la hardcore lotchedwa Impact Unit, ndipo Joe Gittleman anaimbako besi mu Gang Green. Mu 1983 awiriwa ndi anzawo anayambitsa gulu lomwe analitcha The Bosstones. Munali Nate Albert pa gitala, Tim Burton pa saxophone (amene anthu amamudziwa ndi dzina loti Johnny Vegas), Josh Dalsimer pa ng'oma, Tim Bridwell pa lipenga, ndi Ben Carr. Atazindikira kuti kunali kale gulu lina la m'zaka za m'ma 1950 la dzina lomwelo, anawonjezera mawu oti Mighty Mighty kutsogolo.

Ben Carr ndi wofunika kumuima pang'ono. Sankaimba chida chilichonse. Ntchito yake pansanja inali kuvina, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, atavala suti, mawondo akukwera mosinthanasinthana, zigongono zikupalasa mphepo, thukuta lili noninoni. Nkhani imene eni ake amafotokoza ndi yakuti anali mnzawo wowathandiza kunyamula zida, ndipo tsiku lina eni kalabu anafuna kumutulutsa chifukwa anali asanafike msinkhu wololedwa kukhala pamalo ogulitsira mowa. Anzakewo anati ndi membala wa gululi, n'kumukweza pansanja, ndipo sanatsikenso mpaka gululi kutha. Kwathu kuno sitingadabwe nazo, poti magulu ambiri amayenda ndi ovina awo. Koma m'dziko la punk zinali zachilendo, ndipo ena ankaziona ngati nthabwala. Ine sindiona choncho. Anyamata a hardcore ankangodziwa kukankhana ndi kugundana kutsogolo kwa nsanja, ndipo Carr ankawaonetsa ndi thupi lake mmene nyimbo ya chamba ichi amaivinira. Kuseri kwa nsanja analinso woyendetsa maulendo a gululi.

Zaka zoyamba zinali zowawa. Okonda hardcore ankanyansidwa ndi malipenga, okonda ska yeniyeni ankati magitala aphokosowo akuipitsa nyimbo ya ku Jamaica. Nyimbo zawo zoyamba zinatuluka mu 1987 pachimbale chophatikiza magulu osiyanasiyana a ska chotchedwa "Mash It Up". Panalinso nthawi imene gululi linaima kuti Albert ndi Gittleman amalize sukulu ya sekondale, zomwe zikukuonetsani kuti ena mwa iwo anali ana ndithu. Mu 1989 analowa mu situdiyo n'kujambula chimbale chawo choyamba, "Devil's Night Out", chomwe chinatuluka kudzera ku Taang! Records, kampani yaing'ono ya ku Boston komweko. Chaka chomwecho, kutali ku California, gulu la Operation Ivy linatulutsa chimbale chake chimodzi chokha, "Energy", n'kutha. Zimbale ziwirizi ndi zimene ambiri amaziwerengera ngati maziko a ska punk ku America, ngakhale Fishbone ya ku Los Angeles inali itayamba kale kusakaniza zamba zimenezi. Kusiyana kwake n'kwakuti Operation Ivy inakhala zaka ziwiri zokha, pamene a Bosstones anali atangoyambapo.

Kuti mumvetse chifukwa chimene ndikuumirira za nsanja, taganizirani za ndalama. Gulu la punk wamba limakhala ndi anthu atatu kapena anayi. A Bosstones pofika 1991 anali 8, Joe Sirois atalowa pa ng'oma, Kevin Lenear pa saxophone yachiwiri ndi Dennis Brockenborough pa trombone. Ndalama ya pakhomo imene ena amagawana anayi, iwo ankagawana 8, atachotsapo kale mafuta a galimoto, malo ogona ndi chakudya. Wailesi sizinkawaimba, kampani yawo inalibe ndalama zotsatsira malonda. Njira inali imodzi yokha: kukhala pamsewu gawo lalikulu la chaka, kuimba m'makalabu ang'onoang'ono ndi m'makoleji, kubwereranso mumzinda womwewo pakapita miyezi ingapo n'kupeza anthu awonjezekera chifukwa amene anabwera ulendo watha aitana anzawo. Kuimba kotereku kumalimbitsa gulu kuposa situdiyo ina iliyonse. Oimba malipenga atatu kuti alowe pamodzi ndi kutuluka pamodzi pa liwiro la hardcore, mpweya osawathera, zimafuna kubwereza kambirimbiri pamaso pa anthu.

Anali ndi chizindikiro chawonso. Ankavala majekete, mathalauza ndi zipewa za nsalu ya timabokosi ya mitundu yosagwirizana n'komwe, ndipo owatsatira anayamba kubwera ku zoimbaimba atavala chimodzimodzi. Munthu ukaona gulu la achinyamata ovala timabokosi likulowera kumodzi, unkadziwiratu amene akuimba usiku umenewo. Kampani ya nsapato ya Converse inaona zimenezi n'kuwaika pa malonda ake a pa kanema, asanakhale ndi nyimbo iliyonse pa wailesi zikuluzikulu. Chimbale chachiwiri, "More Noise and Other Disturbances", chinatuluka mu 1992, ndipo m'menemo ndi mmene muli "Where'd You Go?", imene inakhala nyimbo yosasowa pa zoimbaimba zawo mpaka kumapeto.

Mu 1993 anasaina mgwirizano ndi Mercury Records, kampani yaikulu. M'dziko la punk la nthawi imeneyo, kusaina ndi kampani yaikulu kunkatengedwa ngati kugulitsa abale, ndipo mawu onyoza sanachedwe. Chinthu choyamba chimene anatulutsa ku Mercury chimandisangalatsa kwambiri, chifukwa chinali ngati kuwerenga mayina a makolo awo pagulu. Kachimbale ka "Ska-Core, the Devil, and More" kanali ndi nyimbo za magulu a hardcore a Minor Threat, SSD ndi Angry Samoans, ndipo pakati pa zimenezi anaikapo "Simmer Down" ya The Wailers ija. Ankauza aliyense kuti nyimbo yawo ili ndi kuchimuna ndi kuchikazi, ndipo sakana mbali iliyonse. Chaka chomwecho kunabwera "Don't Know How to Party", momwe muli "Someday I Suppose", kenako mu 1994 "Question the Answers". Kwa ine chimbale cha 1994 chimenechi ndicho chabwino koposa zonse zimene anajambula. Mawu a Barrett akadali okhakhala ngati a munthu wokuwa m'bwalo la mpira tsiku lonse, magitala akadali olemera, koma kalembedwe ka nyimbo kakhwima, ndipo malipenga salinso chokongoletsera chabe. Ndi amene akunyamula nyimbo.

Mu 1994 momwemo anayambitsa mwambo umene ndimauona kuti ndi wofunika kuposa nyimbo ina iliyonse imene analemba. Mwezi wa December, atatopa ndi maulendo a chaka chonse, anabwerera kwawo n'kukaimba masiku angapo otsatizana ku kalabu yotchedwa The Middle East, mumzinda wa Cambridge, kutsidya kwa mtsinje wa Charles kuchokera ku Boston. Anautcha mwambowu Hometown Throwdown. Malowa ndi chipinda chapansi, cha denga lotsika, cholowa anthu mazana ochepa chabe, ndipo ngakhale atatchuka moti akanatha kudzaza holo yaikulu usiku umodzi n'kupeza ndalama zambiri mosavutikira, anapitiriza kuimba m'chipinda chomwecho masiku angapo. Usiku uliwonse ankasintha nyimbo, n'kuitana magulu ang'onoang'ono a m'deralo kuti ayambe ndiwo. Chimbale chawo chojambulidwa pamaso pa anthu, "Live from the Middle East" cha 1998, chinachokera m'chipinda chimenechi. Sungani mwambo umenewu m'maganizo, chifukwa ndi umene unadzawadzutsa zinthu zitafika poipa.

Mu 1995 anaoneka mufilimu ya "Clueless" akuimba paphwando la ophunzira a pakoleji, ndipo chaka chomwecho anayenda ndi chikondwerero cha Lollapalooza, pansanja yaikulu, limodzi ndi Sonic Youth, Hole ndi Cypress Hill. Mphepo inali itayamba kuwombera kumbali yawo. Green Day ndi The Offspring anali atagulitsa zimbale mamiliyoni mu 1994, zomwe zinatsegulira punk khomo la wailesi ndi la MTV, kanema woonetsa nyimbo. Kenako Rancid, momwe munali Tim Armstrong ndi Matt Freeman a mu Operation Ivy ija, inatulutsa "Time Bomb" mu 1995. No Doubt, Sublime, Goldfinger ndi Reel Big Fish anatsatira. Mwadzidzidzi makampani onse ankafuna gulu la malipenga.

"Let's Face It", chimbale chomwe muli nyimbo yanu ija, inatuluka mu March 1997, pakatikati pa nyengo imeneyi. Anaijambula ndi Paul Q. Kolderie ndi Sean Slade, akatswiri a ku Boston amene anagwiranso ntchito pachimbale choyamba cha Radiohead. Mukachiyerekeza ndi zimbale zam'mbuyo, kusiyana kumamveka msanga: Barrett akuimba kwambiri kuposa kukuwa, phokoso la gitala lachepetsedwa, ska yapatsidwa malo. Ena mwa owatsatira akale anadandaula kuti afewetsa nyimbo kuti alowe pa wailesi. Pali choonadi pamenepo, koma amene amanena zimenezi nthawi zambiri samvetsera mawu ake. Nyimbo imene inapatsa chimbalechi dzina ikudzudzula tsankho mosapita m'mbali. "Royal Oil" ikukamba za mankhwala osokoneza bongo a heroin ndi mmene amamalizira munthu. "The Rascal King" ikunena za James Michael Curley, meya wakale wa Boston amene anthu osauka ankamukonda ngakhale anakalowako kundende.

Ngakhale nyimbo yanu ija si yachisangalalo monga imamvekera. Ndi mawu a munthu amene sanakumanepo ndi tsoka lalikulu, akuona anzake akudutsa m'mavuto oopsa, n'kumadzifunsa ngati iye akanapirira zitamugwera. Isanalowe mu "Let's Face It", inayamba kutuluka mu 1996 pachimbale chotchedwa "Safe and Sound", chomwe gululi linathandiza kukonza pofuna kupeza ndalama zothandizira pambuyo pa chiwembu cha ku Brookline, pafupi ndi Boston. Kumeneko, pa 30 December 1994, munthu wina wa mfuti analowa m'zipatala ziwiri zothandiza amayi pa nkhani za uchembere ndi kuchotsa pakati, n'kupha amayi awiri ogwira ntchito yolandira anthu. Anthu mamiliyoni anavina nyimboyi m'maphwando osadziwa kumene inayambira. Inafika pa nambala 1 pa Modern Rock Tracks, umodzi mwa mindandanda ya nyimbo zotchuka ku America ya magazini ya Billboard, chimbalecho chinafika pa nambala 27 pa Billboard 200 n'kugulidwa makope opitirira 1 miliyoni ku America, ndipo gululi linaitanidwa kukaimba pa pulogalamu ya Saturday Night Live.

Nyengoyi sinakhalitse. Pofika 1999, wailesi za rock zinali zitatembenukira kwa Korn ndi Limp Bizkit, ndipo MTV inali ya Britney Spears ndi Backstreet Boys. Ska inasanduka chinthu chosekedwa, nyimbo ya ana asukulu ovala zoseketsa, ndipo magulu ambiri amene anasainidwa mothamanga anatayidwanso mothamanga. Pamwamba pa izi, kumapeto kwa 1998 kampani ya Seagram inagula PolyGram, mwini wake wa Mercury, n'kuiphatikiza ndi Universal. Mercury inamezedwa mu Island Def Jam. Zikatere, anthu amene anakusainani ndi kukukhulupirirani amachotsedwa ntchito kapena kusamutsidwa, ndipo mumatsala m'manja mwa anthu amene sakudziwani ndipo ali ndi oimba awoawo ofuna kuwakweza. "Pay Attention" inatuluka mu 2000 m'nyumba yatsopanoyo, ndipo ngakhale nyimbo ya "So Sad to Say" inamvekako pa wailesi, malonda sanayandikire n'komwe a 1997.

Mkati mwa gululi namonso munali kusintha. Lenear anachoka mu 1998. Nate Albert, amene gitala yake inali msana wa kaimbidwe kawo kuyambira pachiyambi, anachoka kuti akasamalire wachibale wodwala ndi kukaphunzira ku Brown University, ndipo malo ake anatenga Lawrence Katz. Brockenborough anachoka, Chris Rhodes n'kulowa pa trombone. Anabwerera ku kampani yaing'ono, SideOneDummy, n'kutulutsa "A Jackknife to a Swan" mu 2002, koma kutopa kunali kutawakwana. Kumapeto kwa 2003 analengeza kuti ayamba apuma. Anthu amene anayamba ali anyamata anali tsopano ndi mabanja, ndipo zaka zoposa khumi za kugona m'mabasi zinali zitawadya.

Apa ndi pamene mnzanu uja akuganiza kuti nkhani inathera. Aliyense anapita kwake. Barrett anasamukira ku Los Angeles, ndipo kuyambira 2004 anakhala wolengeza pa pulogalamu ya pa kanema ya Jimmy Kimmel Live!, mawu okhakhala aja akutchula mayina a alendo usiku uliwonse. Gittleman anadzakhala mphunzitsi wa za bizinesi ya nyimbo pa Lyndon State College ku Vermont. Sirois anakaimba ng'oma mu Street Dogs. Albert analowa ntchito yofufuza oimba atsopano ku Republic Records, komwe dzina lake limatchulidwa pa nkhani ya kusainidwa kwa The Weeknd.

Chimene chinawabweza ndi Hometown Throwdown. Masiku omaliza a December 2007 anakumananso ku The Middle East, ndipo matikiti anatha nthawi yomweyo. Palibe wailesi imene inkawaimba, palibe kampani yaikulu imene inkawatsatsa. Anthu amene anabwera ndi aja anawapeza m'makalabu kalekale, ena tsopano atabwera ndi ana awo. Kuyambira pamenepo gululi linapeza njira imene ndimaona kuti ndi yanzeru kwambiri pa mbiri yawo yonse. Sanayesenso kukhala gulu la pamsewu chaka chonse. Aliyense anasunga ntchito yake, n'kumakumana pa maulendo afupiafupi, pa zikondwerero, ndi pa mwambo wa December, umene pambuyo pake unasamukira ku holo yokulirapo ya House of Blues ku Boston. Zimbale ankatulutsa kudzera ku kampani yawoyawo, Big Rig Records: "Pin Points and Gin Joints" mu 2009, "The Magic of Youth" mu 2011, "While We're at It" mu 2018, zonse atajambula ndi Ted Hutt. Zimbalezi sizinagwedeze msika, ndipo sizinalembedwere msika. Ndi nyimbo za amuna akuluakulu akukamba za mzinda wawo, anzawo amene anamwalira, ndi ukalamba. Gawo lachiwirili linatenga zaka 14, lalitali mofanana ndi ulendo wonse wa kuchokera 1983 kufika pa nyimbo yotchuka ija.

Mu May 2021 anatulutsa chimbale cha nambala 11, "When God Was Great", ku Hellcat Records, kampani ya Tim Armstrong, yemwenso anathandizana ndi Hutt pojambula. Munali nyimbo yonena za kuphedwa kwa George Floyd. Chimbalechi chimathera ndi "The Final Parade", nyimbo ya mphindi pafupifupi 8 momwe anaitana oimba ambirimbiri a chamba cha ska: Stranger Cole wa m'badwo woyamba wa ku Jamaica, Roddy Radiation wa The Specials, Angelo Moore wa Fishbone, Aimee wa The Interrupters woimira achinyamata a lero. Mibadwo yonse ya ska inakumana m'nyimbo imodzi.

Patangopita miyezi 8, pa 27 January 2022, gululi linalemba uthenga waufupi wolengeza kuti latha, osapereka chifukwa. Masiku ochepa izi zisanachitike, ku Washington kunachitika chionetsero chotsutsa malamulo okakamiza katemera wa COVID-19, pomwe Robert F. Kennedy Jr. analankhula, ndipo atolankhani anapeza dzina la Barrett pa nyimbo imene inagwiritsidwa ntchito poitanira anthu ku chionetserocho. Nthawi yomweyo Barrett anasiyanso ntchito ya kwa Kimmel. Pambuyo pake iye mwini ananena poyera kuti sanabayitse katemera, ndipo kuti nkhani imeneyi ndi imene inamusiyanitsa ndi anzake.

Zimenezi zimandipweteka, ndipo sindibisa mbali imene ndili. Katemera uja anapulumutsa miyoyo yambiri, ndipo ndikuona kuti Barrett analakwitsa kupereka luso lake ndi dzina lake ku msonkhano umene unkafesa mantha pa nkhani ya moyo ndi imfa. Komabe sindingafafanize zaka zonse zimene munthu yemweyo anaimira poyera kutsutsa tsankho ndi kukweza magulu ang'onoang'ono a kwawo. Chondiwawa kwambiri n'chakuti gululi linapirira kunyozedwa ndi mbali zonse ziwiri pachiyambi, linapirira kutchuka kwadzidzidzi kumene kwaphwasula magulu ambiri, linapirira kutayidwa ndi wailesi ndi kumezedwa kwa kampani yawo, koma Barrett, Gittleman, Burton ndi Carr, amene anali limodzi kuyambira 1983, analephera kudutsa pa kusiyana maganizo kumeneku. Komanso muganizire kuti gulu la anthu ambiri chotere, loyenda m'basi imodzi ndi kuimba m'malo amene panthawiyo ambiri ankafuna umboni wa katemera pakhomo, silikanatha kungoinyalanyaza nkhaniyi ngati maganizo a munthu payekha.

Barrett anayambitsa gulu lina, The Defiant, momwe muli Pete Parada, woimba ng'oma amene anachoka mu The Offspring mu 2021 pa nkhani yomweyi ya katemera, ndi Greg Camp amene anali mu Smash Mouth. Gittleman akupitiriza ndi ska m'gulu la The Kilograms. Inuyo, monga munthu wochokera ku reggae, ndingakulangizeni kuti musayambire pa "Devil's Night Out", chifukwa phokoso lake lingakubwezeni msanga. Yambani ndi "Royal Oil", imene ndi yodekha ndipo besi ya Gittleman ikuyenda mofanana ndi zimene makutu anu anazolowera. Kenako mvetserani "Simmer Down" ya The Wailers ndi ya Bosstones motsatizana, kuti mumve zimene anasunga ndi zimene anasintha. Mukatero pitani ku "Question the Answers" yonse, kenako "Live from the Middle East", ndipo pomvetsera chimbale chomalizachi mukweze mawu kuti mumve anthu a m'chipinda chija akuimba nawo mzere uliwonse, kuphatikizapo nyimbo zimene sizinaimbidwepo pa wailesi.